Timaphuphu takuda pa khungu la amayi anga, kodi ndi njerewere?

Mwana wa chisamba:
Abale thandizeni maganizo, amayi anga ali ndi zaka 63 ndipo kumsana ndi m'khosi kwatuluka timaphuphu takuda, tokhakhala, tikuoneka ngati wina wangomatapo phula, sitipweteka koma nthawi zina timayabwa tikakhudzana ndi kolala ya bulauzi. Akuti ndiwadulire ndi lezala ine ndikuopa.

Achimwene a Gire:
Lezala ayi chonde, mungowapatsa bala lotukusira. Asiyeni kaye.

Sisi Namwino:
Mmene mwafotokozeramu zikumveka ngati seborrheic keratosis, imakonda kutuluka munthu akapitirira zaka 40 kapena 50 ndipo imayenda m'magazi, mukafufuza mwina mupeza kuti agogo anu analinso nato. Si khansa komanso sipatsirana, njerewere zenizeni zimabwera ndi kachilombo ka HPV pomwe izi ayi, nchifukwa chake mankhwala a njerewere sathandiza kwenikweni. Kuchipatala amatiumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri otchedwa liquid nitrogen tikuthothoka tokha pakapita masiku, kapena amabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kupala kapena kuwotcha ndi kachipangizo ka magetsi. Kungoti pa khungu lakuda kuumitsa kuja kumatha kusiya banga loyera, afunseni adokotala musanavomere.

Bambo a mapasa:
Koma kamodzi kakayamba kutuluka magazi, kukula msanga, kusintha mtundu kapena m'mbali mwake kukhala mokhotakhota musachedwe, khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma nayo imatha kuoneka chonchi ndiye pamafunika adule kachidutswa akayeze ku labu.

Mwana wa chisamba:
Zikomo nonse, kena kam'khosi kamakodwa ndi mkanda ndiye tiyamba ndi komweko.