Za singano zija ndi vuto langa la m'mimba

Miyezi iwiri yapitayo ndinafunsa ngati acupuncture, chithandizo cha singano chochokera ku China, angandithandize pa IBS, vuto lokhalitsa la matumbo limene kwa ine limabweretsa kupotokola ndi kutsegula m'mimba. Adokotala anali atayeza kale magazi ndi chimbudzi osapeza matenda ena.

Ndapitako maulendo 8, kamodzi pa sabata, kuno ku Johannesburg. Amandibaya timasingano towonda ngati tsitsi mbali zonse ziwiri za mchombo, pamalo otchedwa ST25, ndi kumunsi kwa bondo, pa ST36, kenako ndimagona chagada mphindi 20. Sizipweteka, pamangomveka kulemera pang'ono.

Kupotokola kwa m'mawa kwachepa ndithu. Kale ndinkathamangira kuchimbudzi kanayi ndisanakwere minibasi, pano kawiri, tsiku lina kamodzi. Koma sindinganene kuti ndi singano zokha. Nthawi yomweyo ndinasiya anyezi, adyo ndi mkaka, potsatira kadyedwe kochepetsa FODMAP (mitundu ya shuga wa m'zakudya wovuta kugayika m'matumbo) kochokera ku Monash University ya ku Australia. Komanso kafukufuku wa 2012 wa Cochrane, bungwe lounika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, anapeza kuti singano zenizeni sizinapose zongoyerekezera. Zimenezo zinandifooketsa, kunena zoona.

Loperamide, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, ndikuyendabe nawo m'chikwama. Lamlungu ndinayesako nyemba masupuni awiri ndi nsima, m'mimba munangolira pang'ono basi.