Corolla ya 2005 ili ndi recall ya airbag: ipite ku Blantyre kapena tiisiye?

Amidu (Mpondasi): Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Corolla NZE121 ya 2005 pagalaja pano, ya aphunzitsi ena a ku Namwera. Inabwerera mabuleki, koma mwana wawo analowetsa nambala ya chasisi pa tsamba la Toyota ya ku Japan n'kupeza kuti ili ndi recall (kampani ikuiitanitsa kuti ikakonze vuto la ku fakitale) ya airbag, chikwama cha mpweya chotchinjiriza munthu pa ngozi, ya mbali ya pasinjala, ndipo sinakonzedwe. Galimotoyi inalowa m'dziko muno mu 2014. Eni ake akuti yayenda zaka zonsezi bwinobwino, nyali ya airbag siyaka, ndiye kupita nayo ku Blantyre n'kungotaya mafuta. Akufuna ndiwauze zoona. Ndinene chiyani?

Lemani (Monkey Bay): Achimwene, ine ndikanawauza kuti akonze mabuleki basi azipita. Kuchoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre ndi pafupifupi makilomita 190, uwonjezere kubwerera, mwinanso kugona konko. Mphunzitsi ndalama imeneyo aitenga kuti? Galimoto zakale zadzaza mseu wa M3 ndipo sindinaonepo airbag ikupha munthu.

Che Jafali (pa boma): Lemani mwana wanga, ma recall amasiyana. Ena ndi a tinthu tating'ono, monga pulogalamu ya kompyuta ya injini. Uyu ndi wa Takata, kampani ya ku Japan imene inkapanga ma airbag, ndipo si wochitira mwina. Kumbuyo kwa chikwama chija kuli kachitini kachitsulo kotchedwa inflator, kamene kamaphulika kuti chikwamacho chifufume. Takata ankaikamo ammonium nitrate, m'bale wake wa feteleza wa CAN uja timathira m'chimanga. Mukudziwa zimene feteleza amachita akakhalitsa pa chinyezi. Mankhwalawa akamatenthedwa masana, kuzizira usiku, uku chinyezi chikulowa pang'onopang'ono, amasintha. Tsiku la ngozi amapsa mwamphamvu kuposa mlingo, kachitini kaja kamang'ambika, ndipo zidutswa zachitsulo zimalasa nkhope ndi khosi la wokhala kutsogolo. Anthu oposa 30 afa nazo padziko lonse, ena ku America, ena ku Malaysia. Kampaniyo inagwa nazo mu 2017.

Tsono taganizirani kwathu kuno. Madera amene anayamba kuitanitsidwa ku America ndi otentha ndi achinyezi, monga Florida. Ife tili m'mphepete mwa nyanja, Okutobala ndi Novembala dashibodi siigwirika ndi dzanja, kenako dzinja lonse chinyezi. Galimoto imeneyi yakhala m'nyengo yotereyi kuyambira 2014. Ukalamba wakewo ndiwo ukundiopsa ine.

Amidu: Nanga za nyali zija, Che Jafali? Ndaika makina, palibe code iliyonse.

Che Jafali: Siingaoneke. Kompyuta imayeza mawaya ndi magetsi okha, mankhwala a m'kati siiwaona. Nyali ikhoza kukhala yozima mpaka tsiku la ngozi. Ndipo sizifuna ngozi yaikulu ayi, kugunda ng'ombe pa Nkope kapena kumenya kumbuyo kwa minibasi pa Liwonde n'kokwanira kuti airbag iphulike.

Grace (wa zamagetsi a galimoto, M'baluku): Ndiwonjezereko. Ena akuganiza kuti galimoto iliyonse yochokera ku Japan inakonzedwa kale isanakwere sitima. Boma la Japan linayamba kukaniza shaken, imene ndi COF yawo, kwa galimoto zina zosakonzedwa za Takata mu Meyi 2018. Yanuyi inali itachoka kalekale. Makalata a recall ankapita kwa mwini wake wakale ku Japan, pomwe galimoto inali kale ku Namwera.

Lemani: Chabwino ndamva. Koma bwanji osangogula airbag ina kwa ogulitsa masipeyala akale? Ku Ndirande zilipo zotsika mtengo, Amidu amanga yekha, nkhani yatha.

Grace: Ayi achimwene, imeneyo ndiye musayerekeze. Airbag yochotsedwa mu Corolla ina ya zaka zomwezo mwina ndi Takata yomweyo, komanso yakhala pa shelefu kapena panja pamvula. Mukhala mwalipiritsa kasitomala kuti mumuikire vuto lomwe lija. Enanso amangoika rezisita pa pulagi yachikasu ya airbag kuti nyali izime, chikwama mulibe, galimoto n'kugulitsidwa choncho. Wogulayo amakhulupirira kuti ali ndi chitetezo pomwe alibe. Zimenezo ine pagalaja panga ndinakana.

Amidu: Funso la eni ake lenileni ndi ndalama. Ndiwauze kuti akakonzeredwa ulere?

Che Jafali: Mawu amenewo asatuluke m'kamwa mwako usanafunse. Recall mwa chikhalidwe chake amalipira ndi wopanga galimoto, koma iyi sinagulidwe kudzera kwa dealer wa kuno. Imba foni kwa a Toyota ku Blantyre, uwapatse nambala yonse ya chasisi, kuyambira NZE121 mpaka manambala otsatirawo. Uwafunse ngati amalandira galimoto zochokera ku Japan pa recall imeneyi, ngati inflator ilipo kapena aitanitsa, ndiponso ngati pali cholipira. Yankho alembe, ngakhale pa WhatsApp. Aphunzitsiwo asayatse galimoto kupita asanapatsidwe tsiku. Ntchito yeniyeniyo si ya masiku ambiri ngati chipangizo chilipo, chimachedwetsa ndi kudikira katundu.

Lemani: Nanga podikirapo? Munthu amayenda nayo tsiku lililonse, mseu wa Namwera uja wa zitunda ndi makona.

Grace: Mpando wakutsogolo ukhale wopanda munthu. Mayi ndi ana akhale kumbuyo, amange malamba. Toyota yomwe ku America mu 2014, zipangizo zitasowa, inkazimitsa airbag ya pasinjala n'kumata chenjezo loti pasakhale munthu. Koma kumeneko kunali kodikirira chabe. Ngati eni ake asankha kuti muichotse pa magetsi, alembe ndi kusaina kuti akudziwa kuti mbali imeneyo ilibe airbag, ndipo nyali isiyidwe iziyaka, musaibise. Pogwira ntchitoyo chotsani waya wa negative pa batire, mudikire masekondi osachepera 90 musanakhudze pulagi yachikasu. Musayeze inflator ndi mita, ndipo musaicheke kapena kuiwotcha ndi zinyalala. Anyamata ophunzira ntchito muwatalikitse.

Che Jafali: Ukamaona pa tsamba lija, uone mndandanda wonse, mwina pali zina zosakonzedwa zoti achitire limodzi ulendo womwewo. Ulembenso pa job card kuti unawauza za recall, ndi deti lake. Mawa pakachitika kanthu, anthu a ku Namwera adzanena kuti galimoto inali kwa Amidu.

Lemani: Pa nkhani ya mafuta ndithandizako. Ndimapita ku Limbe kawirikawiri kukagula masipeyala. Ngati aphunzitsiwo avomera, ndikhoza kuiyendetsa ine tsiku limene apatsidwe, mafuta tigawana. Kutsogolo sikukhala munthu.

Amidu: Zikomo akuluakulu. Ndalankhula nawo madzulo ano, ndawafotokozera za kachitini kaja mmene Che Jafali ananenera, ndipo avomera. Mabuleki ndamaliza. Mawa m'mawa ndiimba ku Blantyre ndi nambala ya chasisi, zimene andiyankhe ndiziika pompano kuti amene muli ndi ma Corolla, ma Vitz ndi ma Fit akale pagalaja mudziwe poyambira. Achemwali a Grace, munditumizireko chithunzi cha pamene pali pulagi ija pansi pa dashibodi.