Kodi ndi mtundu uti wa kachewere woyenera kudzala pa allotment kuno ku England?

Wa ku Dedza, wokhala ku Leicester

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwalimapo kachewere m'dziko lino. Nditadikira zaka zitatu pa mndandanda wa khonsolo, mwezi wathawu ndapatsidwa theka la allotment (kamunda kamene khonsolo imabwereketsa kwa anthu kuti azilimapo), ndipo dothi lake ndi lamakande, lomata m'khasu, losunga madzi nyengo yonse yozizira. Kwathu tinkadzala Rosita, mbewu tikusunga ya chaka chapita kapena kukagula pa Lizulu, koma kuno nditalowa m'sitolo ya mbewu ndinapeza matumba a mitundu yambirimbiri, ena olembedwa first early, ena second early, ena maincrop, moti ndinabwerako osagula kanthu. Pabanja tilipo asanu, ndipo kachewere timamudya ngati tchipisi kapena kumuphika mumsuzi wa nyama. Kodi ndiyambe ndi mtundu uti?

Mlimi wa ku Birmingham

Achemwali, mawu atatuwo akunena za nthawi imene mbewu imatenga kuti ikhwime. Ya first early, monga Rocket, Swift ndi Pentland Javelin, imadzalidwa chakumapeto kwa Marichi ndipo mumakumba pakatha masabata 10 mpaka 12. Ya second early, monga Charlotte ndi Kestrel, imalowa m'nthaka kumayambiriro kwa Epulo ndipo imafuna masabata 13 mpaka 15. Ya maincrop, monga Maris Piper, King Edward ndi Desiree, imakhala m'munda mpaka Seputembala kapena Okotobala, imabereka mbatata zikuluzikulu, ndipo ndi imene imasungika bwino kwambiri m'matumba miyezi yozizira.

Chaka choyambachi ndikukulangizani kuti mizere yambiri muipereke ku mitundu yocha msanga, chifukwa mdani wamkulu kuno ndi chiwawu, chomwe chimabuka kukafunda ndi chinyezi, makamaka mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo pa allotment pamene minda yagundizana chimalumpha kuchoka kwa mnzanu kubwera kwa inu m'masiku owerengeka. Amene anadzala Rocket amakhala atakumba kale pa nthawiyo. Gulani mbewu mu Febuluwale, muiyale m'mathireyi a mazira pafupi ndi windo m'chipinda chozizira, mbali ya timaso tambiri itayang'ana kumwamba, mpaka itatulutsa mphukira zazifupi zolimba. Podzala, siyani masentimita 30 pakati pa mbewu ndi 60 pakati pa mizere, ndipo mukamva kuti usiku kugwa chisanu, kwiririrani timasamba tongomera kumene ndi dothi.

Mayi wa ku Manchester

Zimene anena abambowa n'zoona, koma mawu akuti makande andikumbutsa chaka changa choyamba. Ndinadzala mizere isanu ya Maris Piper chifukwa ndi amene amatchuka pa tchipisi m'dziko lino, ndipo masamba anali obiriwira mokondweretsa. Nditakumba mu Okotobala, mbatata zinkaoneka zabwino kunja, kungokhala ndi kabowo kakang'ono ngati ka msomali, koma nditazidula pakati ndinapeza mphako zakuda, mkati muli tinkhono topanda chigoba titadzipinda. Pa ndowa zitatu ndinapulumutsapo imodzi. Tinkhonoti timakhala pansi m'dothi lonyowa ngati lanulo, ndipo mbatata ikachedwa m'nthaka ndiye timaidya kwambiri.

Kuyambira pamenepo ndimadzala Kestrel, wa khungu loyera lokhala ndi timadontho tofiirira m'maso mwake, chifukwa nkhono sizimukonda kwenikweni ndipo amapanga tchipisi chabwino. Pa zamumsuzi, Charlotte ndi amene sasweka mumphika. Ngati mukufunitsitsa wosunga mpaka Khirisimasi, yesani mzere umodzi wa Sarpo Mira, mtundu umene unachokera ku Hungary, womwe umapirira chiwawu kuposa mitundu yambiri imene mungaipeze m'sitolo. Koma mudziwiretu kuti masamba ake safota msanga, choncho mu Seputembala muzidula nokha mitengo yake, apo ayi mbatata zimakula mopyola muyeso n'kukhala ndi mphako pakati. Ndi youma ndithu, yoyenera kuotcha kapena kukazinga, koma mukaiwiritsa nthawi yaitali imaphwanyika. Mukasowa khungu lofiira lija la kwathu, Desiree ndi amene amandikumbutsa Rosita ndikamutsuka m'beseni.

Wa ku Ntcheu, wokhala ku Glasgow

Ine ndingowonjezerapo za mbewu. Musadzale kachewere wa ku supamaketi ngakhale ataphuka m'kabati, ndipo musatume wachibale kuti akubweretsereni Rosita m'chikwama, chifukwa malamulo a dziko lino salola kulowetsa mbatata yochokera kwathu. Gulani mbewu yovomerezeka, yomwe yambiri imalimidwa kuno ku Scotland, kumene kuzizira ndi mphepo zimachepetsa nsabwe zofalitsa matenda a mbewu. Pamalo a kachewere musathirepo laimu, chifukwa amachulukitsa nkhanambo pakhungu la mbatata, ndipo musabwereze malo omwewo zisanadutse zaka zitatu.

Wa ku Dedza, wokhala ku Leicester

Zikomo kwambiri nonse. Ndagula Rocket, Charlotte ndi Kestrel, komanso Sarpo Mira wokwana mzere umodzi. Funso latsala limodzi, amayi a ku Manchester: chiwawu chikaoneka pamasamba mbatata zisanakhwime, ndichite chiyani?

Mayi wa ku Manchester

Mukangoona madontho akuda pamasamba, okhala ndi nkhungu yoyera kunsi kwake, dulani mitengo yonse mpaka pansi tsiku lomwelo ndipo muichotse m'munda, osaiponya pa mulu wa manyowa. Kenako dikirani masabata awiri kapena atatu musanakumbe, kuti khungu la mbatata lilimbe ndiponso kuti matendawo asapakike pa mbatata pozitulutsa m'dothi. Ngati mwadzala tomato pafupi, muziyang'ananso masamba ake m'mawa uliwonse, chifukwa chiwawu chomwecho chimamugwira.