Andisamutsira kophika zida za opaleshoni, ndivomere kapena ndikane?

Nachisale wa kwa Mponda

Moni nonse. Ndine hospital attendant pachipatala china konkuno ku Mangochi, chaka chachitatu chino, ndipo nthawi yonseyi ndakhala ndili ku wodi ya amayi, kukolopa, kuyala mabedi, kukankha odwala basi. Nde lolemba a matron andiitana ati mwezi wamawa ndipite ku fiyeta, kuchipinda chija amatsukirako ndi kuphikirako zida za opaleshoni, ena amati ku CSSD. Anzanga ena akuti ndakwezedwa, ena akungondiseka ati ndikukatsuka mbale za madokotala kkkk. Ine mantha anga ali pawiri, magazi a anthu ndi chimakina chija chophikira zida ndi nthunzi, cha autoclave, chimene ndimamva kuti chimaphulika. Amene munagwirako kumeneko tandiuzeni chilungamo, ndikakane? Komanso ilipo sukulu yake yoti munthu n'kudzakhala ndi pepala?

Madala a ku Fiyeta

Mwanawe usakane. Ine ndakhala m'chipinda chimenecho zaka zambiri mpaka imvi zamerera momwemo, ndipo akukusekawo akadzagona pabedi la opaleshoni adzadziwa kuti mbale zimenezo ndi za ndani.

Chimene anthu samvetsa ndi ichi, amaganiza kuti ntchito yonse imagwira ndi makina. Ayi, ntchito ili pa sinki. Chida chimene sunachitsuke bwino ngakhale uchiphike tsiku lonse sichiyera, chifukwa nthunzi siingalowe pansi pa magazi ouma, tizilombo timangobisala m'menemo. Tenga artery forceps imodzi, kachida kopanira mitsempha ya magazi kaja, uyiyang'ane pafupi, kukamwa kwake kuli timano ting'onoting'ono, pakati pali polumikizira paja pamapinda, kumchira kuli mano okolera. Monsemo mumakhala magazi ndi timinofu. Umaitsegula yonse, n'kumaikwecha ndi bulashi ili m'kati mwa madzi, osati pamwamba, kuti zisakuthovukire m'maso. Ndipo usayambe ndi madzi otentha, magazi akakumana ndi madzi otentha amagwirana ngati dzira lokazinga, kuchotsa kwake udzalira. Sitilo wulo uja wa m'khitchini usamubweretse n'komwe, amakanda chitsulo ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Ukatsukuluza umaumitsa, kenako kuyendera chimodzichimodzi pamalo owala, sizasi ikudula? needle holder ikugwira singano osaterereka? Nde kuwerenga motsata mndandanda wa seti, ya siza (opaleshoni yotulutsa mwana) ili ndi chiwerengero chake, ya laparotomy (yotsegula m'mimba) chake, ya evac (yotsuka m'chiberekero) chake. Chikasowa chimodzi sumangoti aaa chipezeka mawa, umabwerera ku fiyeta nthawi yomweyo, chifukwa mwina chapita ndi nsalu kochapira, mwina Mulungu atithandize chatsala m'mimba mwa munthu. Kukulunga ndi nsalu ziwiri, zida zopinda zikhale zotsegula, pamwamba tepi yake ija yosintha mtundu ikaphikidwa, kulemba deti ndi dzina la seti.

Kuphika kwake, autoclave wamba ndi madigiri 121, zokulunga mphindi 30, zosakulunga 20, ndipo nthawi umayamba kuwerenga geji ikafika pamenepo osati pamene wayatsa. Makina atsopano aja oyamba apopa mpweya kunja amafika 134 ndipo mphindi zake ndi zochepa, zitatu kapena zinayi. Osapanikiza mapaketi ngati matumba a usipa pa lole, nthunzi ifunika njira yodutsa.

Koma chimene chidzakuyese mtima si makina, ndi anthu. Usiku wina magetsi anazima load ya zida ili pakati pophikidwa, jenereta inachedwa kulira, titatsegula mapaketi anali onyowa. Apo kuli mayi wochokera kutali kumidzi ya kumapiri wofunika siza, clinician waima pakhomo akundikalipira kuti madala tipatseni seti, tepi yasintha kale mtundu iyo. Zoona mizere inali itada. Koma paketi yonyowa si sterile, chinyezi chimakoka tizilombo kuchokera kunja kulowa m'kati. Ndinakana, manja akunjenjemera, ndinathamanga kukatenga seti imene ndinkasungira padera pa shelefu yapamwamba ndipo anachitira imeneyo. Bamboyo sanandilankhule sabata yathunthu. Kuyambira tsiku limenelo sindiweruka ndisanasiye maseti a siza osachepera awiri ouma.

Che Bwanali pa Boma

Kkkkk nde mwati amaphika masizasi? Ine ndimaona ngati akamaliza opaleshoni amangotaya n'kutenga atsopano. Asisi pitani basi, bola kumeneko kulibe ma guardian okutukwanani.

Sister wa Night

Achemwali, madala anena zoona zokhazokha, ine ndiwonjezere za chitetezo chanu poti ndi zimene mwafunsa. Ndine namwino wa ku fiyeta, ndipo ndivomere kuti ngozi zambiri za anzathu otsuka timayambitsa ndife. Munthu watopa 3 koloko usiku, waiwala kuchotsa blade pachigwiriro chake, waponya zonse mu beseni la madzi a sopo, inu mukubwera kudzapisamo dzanja osaona pansi. Nde lamulo loyamba, musapise dzanja m'madzi amene simukuona pansi pake, khuthulani pa thireyi kaye. Blade muzichotsa ndi forceps osati zala, n'kuponya mu safety box, bokosi lija lotayamo zakuthwa.

Magolovesi ake si opyapyala aja oyezera odwala, pemphani okhuthala ofika m'chigongono, epuloni ya pulasitiki, magambuti, masiki ndi zoteteza maso. Kuno ku Mangochi mwezi wa October mudzafuna kuvula zonsezo chifukwa chipindacho chimatentha ngati uvuni ya njerwa, panja dzuwa m'kati autoclave, koma piriranibe, muzingomwa madzi kwambiri potuluka.

Musanayambe funsani za katemera wa Hepatitis B, amabaya katatu. Anthu timaopa HIV yokha koma pobayidwa ndi singano Hepatitis B ndi amene amapatsirana mosavuta kuposa HIV. Mukadzichekadi, sambani pabalapo ndi sopo pamadzi oyenda, musafinye, uzani in-charge nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, imayenera kuyambika pasanathe maola 72, koma kufulumira ndiye kwabwino, ndipo amamwa masiku 28. Ndaonapo anthu akubisa chifukwa cha manyazi kapena kuopa kuyezetsa, chonde inu musadzatero.

Pa nkhani ya klorini pali kukangana pang'ono. Ambirife tinaphunzitsidwa kuti zida zikangochoka pa wodwala ziviikidwe mu klorini wa 0.5% mphindi 10, ngati ndi JIK wa 3.5% ndiye kapu imodzi ya JIK makapu 6 a madzi. Koma malangizo a WHO a 2016 amati zida zisamaviikidwe mu klorini zisanatsukidwe chifukwa amadya chitsulo, komanso magazi amamufoola mphamvu. Inu tsatirani zimene a IP (infection prevention, oona zopewa kufala kwa matenda) a pachipatala chanu akuuzeni, chokhacho ngati mukuviika ikani alamu pafoni, chifukwa zida zambiri zimene mukuziona zili ndi timaenje ndi dzimbiri zinagona mu klorini usiku wonse wina atapita kukagona.

Amisiri a Makina

Za kuphulikazo ndiyankhe ine poti ndimakonza makina amenewa. Autoclave ndi poto wa pulesha wamkulu basi, ali ndi safety valve yotulutsa nthunzi pulesha ikapitirira. Amene amapsa ambiri ndi aja ofuna kutsegula chitseko geji isanabwerere pa ziro, kapena kuyika nkhope pafupi potsegula. Dikirani ifike pa ziro, tsegulani pang'ono muli kumbali, nthunzi ituluke, mapaketi aume kaye m'kati momwemo. Mukawatulutsa ali otentha n'kuwaika pa tebulo lachitsulo lozizira amachita thukuta pansi, mwabwereranso pa paketi yonyowa ija ya madala.

Chimene chimandipweteka ine mutu ndi madzi. Mijigo yambiri kuno kunyanja madzi ake ndi amchere, mukathira amenewo mu autoclave element imakutidwa ndi zoyera zolimba ngati za mu ketulo, kenako yapsa, nde kudikira spare miyezi. Thirani distilled water, ikasowa nenani msanga osangotunga pa mpopi mwakachetechete. Rabala ya pachitseko muzipukuta tsiku lililonse, mukamva kuti fyiii nthunzi ikuthawira m'mbali imbani foni, osamangirira ndi nsanza.

Ndipo tepi ija musaikhulupirire kwambiri, imangokuuzani kuti paketi inalowa m'makina, sikuti m'kati mwapsa bwino. Pamene zilipo, ikani ka indicator, kapepala kosintha mtundu nthunzi ikafika, m'kati mwa paketi, ndipo makina opopa mpweya aja amafuna Bowie-Dick test, yoona ngati akutulutsadi mpweya wonse, m'mawa musanaike load yoyamba. Lembani load iliyonse mu kabuku, nthawi, madigiri, dzina lanu. Bala la wodwala likadzachita mafinya aliyense amaloza chala kophika zida, kabukuko ndi kamene kadzakuyankhulireni.

Nachisale wa kwa Mponda

Eeeh zikomo kwambiri nonse, nkhani ya blade mu beseni yandizizira thupi koma bola ndadziwiratu. Madala nanga za pepala zija simunayankhetu. Ndili ndi MSCE koma Biology ndinangopasa.

Madala a ku Fiyeta

Ife ambiri tinaphunzirira pantchito pomwepo, kuonera kwa amene tinawapeza ndi ma training a infection prevention akabwera. Satifiketi iliyonse ya training usunge mu fayilo, ndipo ukazolowera upemphe a matron akutumize ukaone m'mene amachitira kuzipatala zazikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Zomba Central, ngakhale sabata imodzi. Ukafuna kukwera zenizeni bwereza Biology ndi ma science enawo upeze ma credit, ukayese unamwino ku Malawi College of Health Sciences kapena ku St Luke's ku Malosa. Amene wachokera kophika zida akalowa m'fiyeta ngati namwino savutika, seti yonse amaidziwa pamtima pamene anzake akusokoneza ma forceps a Kocher ndi a Allis.

Tsiku loyamba ukapite ndi kakope ndi cholembera, uwapemphe akutsegulire seti ya siza ujambule chida chilichonse ndi dzina lake. Ndipo zikhadabo zoikirira zija ngati uli nazo ukachotseretu, zimaboola magolovesi.