Port 8080 ikukana: "Address already in use"

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndalemba kaseva ka Python kolandira mauthenga pa port 8080 (nambala ya khomo lolowera mauthenga), pa Ubuntu. Ndikakazimitsa ndi Ctrl+C n'kukadzutsanso pomwepo, bind(), yomwe imakamangirira pa port, ikubweza "Errno 98: Address already in use". Ndikadikira mphindi imodzi kakudzuka bwinobwino. Dzulo zinachitika kasitomala ali pambali panga, thukuta lili kamukamu.

Wa ku Zomba: Achimwene, tayambani mwalemba `ss -tanp | grep 8080`. Mukaona LISTEN, ndiye kuti pulogalamu yakale sinafe, ipheni basi. Mwaona chiyani?

Wofunsa: LISTEN palibe. Pali mizere itatu ya TIME-WAIT.

Wa ku Zomba: Ndi pomwepo. Mu TCP, njira imene makompyuta amalumikizirana, mbali imene yayamba kutseka ndiyo imatsala mu TIME_WAIT, kuti mapaketi ochedwa m'njira asadzalowerere kulumikizana kwatsopano. Pa Linux ndi masekondi 60. Ikani `s.setsockopt(SOL_SOCKET, SO_REUSEADDR, 1)`, kuti bind() ilole port ngakhale pali TIME_WAIT.

Wofunsa: Ndinaika kale, koma sizikusintha.

Wa ku Mzuzu: Ingoikani SO_REUSEPORT, kapena SO_LINGER pa 0. Ine zimanditheka choncho.

Achemwali a ma server: Ayi bwana, pamenepo ndikana. SO_LINGER ya 0 imadula ndi RST, paketi yothetsa kulumikizana mwadzidzidzi, ndipo zomwe zinali zisanatumizidwe zimatayika. Ngati ndi uthenga wa malipiro a munthu, mudzamuuza chiyani? SO_REUSEPORT nayo ntchito yake ndi ina. Inabwera mu Linux 3.9 mu 2013 kuti maprocess angapo a user mmodzi amvetsere pa port imodzi, kernel (phata la Linux) n'kumawagawira makasitomala. Vuto lake n'lakuti seva yakale ikatsala yamoyo, yatsopano imadzuka osadandaula, makasitomala ena n'kumathandizidwa ndi code yakale inu osadziwa. Zinandionekerapo, ndinataya tsiku lathunthu. Achimwene, tatumizani code tione.

Wofunsa: socket(), bind(), setsockopt(), listen().

Achemwali a ma server: Ndi zimenezotu. setsockopt iyenera kubwera bind() isanaitanidwe. Isunthireni pamwamba, mudikire TIME_WAIT yatsalayo ithe kamodzi, muyesenso.

Wofunsa: Zatheka! Ndazimitsa n'kudzutsa kasanu, osakana. Zikomo kwambiri achemwali.

Wa ku Zomba: Koma mukadzakasamutsira pa Windows musamale. Kumeneko SO_REUSEADDR imalola pulogalamu ina kukhala pa port imene mukugwiritsa kale ntchito. Pa Windows ikani SO_EXCLUSIVEADDRUSE, yomwe imaletsa zimenezi.