Sikiripiti ya Obama yandisokoneza, 1997 kapena 2005?

Wapawayilesi: Anzanga thandizeni msanga, Lachisanu ndili ndi pologalamu ya mbiri ya atsogoleri ndiye ndikulemba za Obama asanakhale pulezidenti. Pena ndikuwerenga kuti analowa senate 1997 pena akuti 2005, chaka chenicheni ndi chiti? komanso ndizimutchula phungu kapena seneta?

Mkonzi wausiku: Zonse nzoona achemwali, ndi nyumba ziwiri zosiyana. Ya 1997 ndi senate ya Illinois imene imakumana ku Springfield, ankaimira dera nambala 13 ku South Side ya Chicago, komwe kuli Hyde Park. Ya 2005 ndi ya dziko lonse ku Washington.

Wapawayilesi: Ooh ndiye ndilembe "boma la Illinois"?

Mkonzi wausiku: Ayi ayi, mukati boma agogo akumudzi aganiza ngati Dedza kapena Ntchisi kkkk. Nenani siteti ya Illinois kenako mufotokoze kamodzi kuti ili ndi nyumba yakeyake ya malamulo basi.

Womasulira: Pa phungupo ine ndikukana. Ku Illinois kuli maseneta 59 ndi aphungu a nyumba inayo 118, dera lililonse la seneta mkati mwake muli madera awiri a aphungu, ndiye mukamutcha phungu mwasakaniza anthu awiri. Kwathu kuno senate inalimo m'malamulo a 1994 koma anaichotsa 2001 isanakumane nkomwe, nchifukwa chake omvera saizolowera. Seneta yemweyo.

Madala a nyuzi: Mwana wanga chenjera ndi momwe analowera, ambiri amangolemba kuti anapambana basi. Mpandowo unali wa mayi Alice Palmer kuyambira 1991, mu 1995 anakayesa mwayi wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America, nkugonja kwa Jesse Jackson Jr, atafuna kubwerera pampando wawo a mbali ya Obama anakatsutsa masiginecha a pa mapepala awo oimira, anapezeka osakwana ndiye mayiwo sanaimenso. Apa mpamene pali nkhani, osati zija zoti anali mnyamata wabwino wa ku Harvard, zimenezo aliyense anazimva kale.

Wapawayilesi: Eee madala izi sindimazidziwa. Nanga Obama atachoka pampandowo kunachitika chisankho chachibwereza?

Madala a nyuzi: Ayi, musalembe zimenezo. Kumeneko akuluakulu a chipani a m'deramo amangosankha wolowa m'malo. Obama atatula pansi udindo mu Novembala 2004 anaikapo Kwame Raoul, amene makolo ake anachokera ku Haiti, anakhalapo mpaka 2019 pomwe anakhala Attorney General wa Illinois, kenako anaikapo Robert Peters mwanjira yomweyo.

Womasulira: China, ngati muika mapu pa Facebook musatole a lero nkumati ndi dera la 1997. Malire amawajambulanso akatha kalembera wa zaka 10 zilizonse, atatha wa 2000 dera 13 analikokera kumpoto m'mbali mwa nyanja ya Michigan mpaka kumadera a anthu olemera, nambala yomweyo koma ovota ena.

Wapawayilesi: Nthawi ndili nayo ndi mphindi 6 zokha abale kkkk. Ndatsegula chonchi: "Mu 1997 Barack Obama anakhala seneta wa dera 13 mu mzinda wa Chicago, m'nyumba ya malamulo ya siteti ya Illinois." Za mayi Palmer ndazilowetsa, za mapu ndazisiya.

Mkonzi wausiku: Zili bho. Koma Illinois musatchule s wakumapetoyo pa mpweya, satchulidwa.