Ndithandizeni kumvetsa zimene zinachitika pa Ryder Cup ya 1969

Akuluakulu odziwa gofu, ndikupempha thandizo lanu. Ndakhala ndikuwerenga mbiri ya Ryder Cup, mpikisano umene unayamba mu 1927 ku Worcester m'dziko la America, ndipo nkhani imodzi yandiimitsa mutu. Mu 1969 ku bwalo la gofu la Royal Birkdale ku England, pa dzenje lomaliza, Jack Nicklaus wa timu ya America anatola kachizindikiro kosonyeza pamene panali mpira wa Tony Jacklin wa timu ya Britain kuti Jacklin asamenyenso, mpirawo uwerengedwe ngati walowa m'dzenje ngakhale unali usanalowe, ndipo matimu awiriwo anafanana mphamvu ndi mapointi 16 aliyense. Kodi malamulo amalola wosewera kuchita zimenezi yekha, osafunsa kaputeni wake? Kwa ine ulemu umenewu unapyola muyezo, poti anzake a Nicklaus anali atakhetsa thukuta masiku atatu. Nanga n'chifukwa chiyani chikhocho chinakhalabe m'manja mwa America pamene panalibe wopambana?